Wailesi ya M'khichini mwa Amayi Verna

Makatoni anabwera Lachiwiri m'mawa, ine ndikuyanika tizovala ta mwana kuseri kwa nyumba. Nditamva galimoto ikuima, ndinaleka kuyanika. Kwathu kuno sikufika munthu wongodutsa. Msewu umathera pachipata pathu penipeni, kupitirira apo ndi nkhalango basi. Ndinanyamula Opal m'dengu mmene anagona n'kuzungulira kukhonde.

Dalaivala anali atatsitsa kale. Sanafunse kanthu, anangogwira chipewa n'kumapita. Apongozi anga anatuluka ndi kapu ya khofi m'manja, anang'amba katoni yapamwamba ndi chikhadabo n'kusuzumira. M'katimo munali zimbale za nyimbo zawo zosagulidwa, pachikuto pali nkhope yawo yomwe, yambirimbiri, ikumwetulira, itavala wigi yawo yofiira.

"Abwerera ana anga," anatero. "Kumene anapita sanawafune. Marlee, usaime ngati waona njoka. Gwira uko tilowetse mvula isanabwere."

Amayi Verna Stidham ndi mayi a mwamuna wanga. Anayamba kuimba kantire, nyimbo za kumidzi ya ku America, ali kamtsikana, ndipo kwa zaka zambiri basi yawo inkayenda kuchokera kuno ku Tennessee mpaka ku Texas, dzina lawo litalembedwa m'mbali. Pano zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi awiri, maso anayamba kuchita chifunga, ndipo basi ija akuti inasanduka khola la nkhuku kwa munthu wina ku Kentucky. Mwamuna wanga Royce amagwira ntchito m'sitima zokankha katundu mumtsinje wa Mississippi. Akapita ndi mwezi wathunthu, akabwera amangogona. Ndiye m'nyumba muno timakhala atatu: amayi, ine, ndi Opal, amene nthawi imeneyo anali asanamere ndi dzino lomwe. Ine kwathu n'kutali, ndipo kulibenso munthu woti ndingamuimbire foni. Galimoto ndimayendetsa ndine, mankhwala awo ndimakumbutsa ndine, zitseko ndimakhoma ndine, kenako n'kubwereranso kukaona ngati ndakhomadi.

Chimbalecho anachijambula chaka chomwecho mitengo itangoyamba kuphuka, patapita zaka zambiri osalowa mu situdiyo. Anaitana madoda amene ankaimba nawo kale, amene anatsalako. Woliza gitala yogoneka, ija amaliza ataigoneka patsogolo pawo, anabwera akukoka kathanki ka mpweya wopumira. Ine ndinakhala pakona mwana ali m'manja, kuopa kuti akangolira awononga zonse. Mawu a amayi anali atatsika, osafikanso m'mwamba muja. Koma atayamba "Jekete ya Doyle", nyimbo ya malemu amuna awo amene jekete yawo ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko, munthu wojambula mawu anavula mahedifoni n'kutuluka kaye panja. Tonse tinkayesa kuti dziko lonse limva zimene tinamva ifezo.

Dziko silinamve. Tsiku lotulutsa chimbale anawaikira tebulo m'sitolo ina ku Nashville kuti azisainira ogula. Anakhala pamenepo masana onse. Anthu amene anabwera akanakwana m'galimoto imodzi. Bambo wina wonenepa anawayang'anitsitsa, kenako n'kunena kuti, "Pepani mayi, inetu ndimayesa munamwalira."

"Nanenso ndimayesa choncho, bambo," anayankha amayi. "Koma ndadzuka kudzakugulitsani chimbale. Mutenga zingati?"

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, koma sanagule.

Nyuzipepala ina inalemba zabwino zokhazokha, zabwino zija amanena pamaliro. Pamndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri dzina lawo silinaonekepo, ngakhale kumunsi kwenikweni. Tanner, wa ku kampani yaing'ono imene inatulutsa chimbalecho, ankaimba foni ndi mawu ofewa ngati a namwino.

"Musadandaule, Amayi Verna. Anthu masiku ano sagula zimbale, amamvera pafoni."

"Ndiye pafonipo akumvera?"

"Pang'ono, amayi."

"Nanga mawailesi?"

"Akuti omvera awo ndi achinyamata."

"Achinyamatawo alibe amuna amene adzafe? Chabwino mwanawe, pita ukadye."

Zonsezi anazimeza. Chimene sanathe kumeza chinali cha wailesi ya m'khichini.

Wailesiyo imakhala pamwamba pa firiji, ndipo singano yake sinasunthepo chibwerere ine m'nyumba muno. Inkagwira siteshoni imodzi yokha, ya kwawo kumene amayi anabadwira, kuseri kwa mapiri. M'mawa uliwonse a Buell Haskins ankalonjera ndi mawu awo okhuthala aja: "Mwadzuka bwanji a m'zigwa ndi a m'mapiri? Ndi Buell wanu yemwe uja, khofi ali pamoto." Amayi ankayankha akuswa mazira: "Tadzuka, nkhalamba iwe, koma osati chifukwa cha iwe." A Buell akanena nthabwala, amayi ankati, "Imeneyo unanena kale, ukukalamba." Tsiku lonse m'nyumba muno mawu a mwamuna anali omwewo.

A Buell ndi amene anaika pawailesi nyimbo yoyamba ya amayi, ndi zina zonse zotsatira. Kale woimba sankatumiza chimbale papositi. Unkapita nacho wekha, kena kake kophika kali m'manja, n'kukhala pambali pa muulutsi iye akuchiika. Ndipo a Buell anali ndi kachitidwe kawo kamene chigawo chonse chinkakadziwa. Sankanena kuti nyimbo ndi yabwino kapena yoipa. Ikatha, akaikonda, ankaibwereza pompo osalankhula kanthu, ndipo pofika madzulo m'sitolo inali itatha. Akapanda kuikonda, ankangokonza kukhosi n'kuyamba kuwerenga zanyengo.

"Ine anandiwerengera zanyengo kamodzi kokha," amayi ankatero. "Ndinalira njira yonse. Koma sananame, nyimbo ija inali phala lopanda mchere."

Vuto linali lakuti awiriwa sankalankhulana. Pamaliro a bambo Doyle a Buell sanabwere. Anali pantchito, anangoika nyimbo pawailesi n'kutchula dzina la malemu. Amayi anati kumaliro munthu amabwera ndi miyendo. Kuyambira pamenepo sanapondekonso kwawo kuja, ngakhale kutchalitchi chawo chakale. Ankangokangana nawo m'mawa uliwonse kudzera pamwamba pa firiji. Chimbale chatsopanochi anauza Tanner kuti atumize papositi. Masabata anadutsa, masamba anayamba kufiira, "Jekete ya Doyle" osamveka.

Madzulo a tsiku la makatoni lija anaimba foni a Nadine, mng'ono wawo wa ku Arizona. Ndinali kukhichini ndikutsuka mabotolo a mwana, ndipo ndinatseka mpopi kuti ndimve bwino.

"Ndamva, Nadine, ndamva. Chipinda chilipo, dzuwa lilipo, nyamakazi imathawa. Wanena kale. Ndikuuza Lachisanu."

Nditadutsa pakhomo la chipinda chawo ndinaona sutikesi yaikulu ili pabedi, yotsegula. Ndinaganiza za nyengo yozizira imene inkabwera, msewu wathu utaundana, Royce ali kumtsinje, ine ndi mwana awiriwiri m'nyumba ya zipinda zambiri chonchi, nkhalango ikulira kunja. Amayi ndi ovuta, inde. Amandiseka kuti ndimawiritsa chilichonse mpaka supuni. Koma Opal atatsamwa tsiku lina, ine ndinangouma, iwo ndi amene anamutembenuza n'kumumenya kumsana akuimba.

"Mukupitadi, amayi?"

"Buell wandikwiyira chifukwa ndamutumizira chimbale papositi ngati mlendo. Sakulakwa. Mawa tiphika payi ya mapichesi, Lachinayi undiperekeze. Ndikamupatsa ndi manja angawa." Anapinda siketi n'kuiponya m'sutikesi. "Akaibwereza, ndiye kuti ndikadali woimba, ndikhala pano mpaka mudzandinyamule. Akandiwerengera zanyengo, basi, gitala apatsidwe Royce, ine ndikafere padzuwa kwa Nadine."

"Bwanji tiyambe taimba foni?"

"Foni? Buell samuimbira foni, mwanawe. Umangofika."

Panali zinthu zimene ndinkaziona koma osazinena. Ine khutu langa siligona; mwana akangosintha kapumidwe ndimamva ndili kubafa. Ndiye a Buell ndinkawamvetsera mosiyana ndi amayi. Tsiku limene mtsinje unasefukira n'kukokolola mlatho wa kumunsi, iwo anati kwacha bwino, tulutsani zochapa. Sankatchula tsiku. Zanyengo ankawerenga mayi wina wa mawu osalala, wosadziwa kutchula maina a midzi yathu. Ndipo nthabwala ya galu wa abusa ndinaimva ikubwera ndi kachifuwa komweko, pamalo pomwepo, ngati nyimbo. Sindinkadziwa tanthauzo lake. Ndikanati ndinene, amayi akanati, "Wayambanso, mayi mantha." Ndipo mwina ndinkafuna kuti ndikhale ndikulakwitsa.

Lachinayi anadzuka kusanache bwino. Anavala jekete yabuluu ya mikanda, nsapato zazitali zoyera, wigi, ndi milomo yofiira ngati akupita pasiteji. Payi anaifukata pamiyendo itakulungidwa m'kansalu, chimbale chili pamwamba. Ine ndinamanga Opal pakampando kake kumbuyo, n'kukoka lamba, n'kukokanso.

"Umuphwanya nthiti mwanayo. Tiyeni, pulogalamu itithera."

Msewu wa kumapiri ndi wokhotakhota, ndipo ndinkayendetsa pang'onopang'ono moti malole a mitengo ankatiimbira hutala. M'galimoto a Buell ankalankhula, amayi akuwayankha. "Seka lero, nkhalamba iwe. Ndikubwera." Ankandilozera malo: sukulu imene anaimbirako koyamba, pano ndi nyumba yosungiramo matayala, mtengo umene bambo Doyle anawafunsirapo, pano palibe, pali sitolo ya mafuta.

Nsanja ya wailesi tinaionera patali, nyali yake yofiira ikuphethira. Pansi pake panali kanyumba ka njerwa. Nditakhota ndinaona udzu utamera m'ming'alu ya pamalo oimika magalimoto, wofika m'mawondo, ndipo panalibe galimoto ndi imodzi yomwe.

"Adakali kubwera wapansi, wouma manja ameneyu," anatero amayi. Maso awo sanaone udzuwo.

Anatsika ndi payi yawo. Ine ndinasiya injini ikulira chifukwa cha kuzizira, ndinamasula Opal n'kuwatsatira. Chitseko chinali chokhoma. Amayi anagogoda ndi mphete.

"Buell! Tsegula, ndikukumva uli momwemo!"

Ndipo ankamvekadi, koma kuchokera kumbuyo kwathu, pawindo la galimoto, akuseka nthabwala ya galu wa abusa. Ndinapukuta galasi la zenera ndi mkono n'kusuzumira. Ndinaona tebulo, maikolofoni itaweramira pansi, mpando wachikopa wong'ambika wopanda munthu. Pakona panali kabati yachitsulo, timagetsi tobiriwira tikuthwanima. Kapu inali patebulo, kangaude atalukapo.

"Ukuona chiyani?"

"Mulibe munthu, amayi."

"Wapita kuchimbudzi. Chikhodzodzo chake n'chakale." Anagogodanso, mwamphamvu. "Buell Haskins! Payi ikukudikira!"

Kutsidya kwa msewu kunali sitolo ya zakudya za ziweto. Munatuluka mayi wina wamfupi atavala ovololo, akupukuta manja, ndipo atayandikira anaima n'kugwira pakamwa.

"Ambuye wanga! Si Verna Stidham uyu? Ndine Twila, mwana wa a Purvis, a mathirakitala aja. Munaimba paukwati wa achemwali anga, ukwatiwo unatha koma nyimbo timaikumbukabe."

"Wakula, Twila. Kodi chidakwa ichi chimatsegula nthawi yanji?"

Twila anandiyang'ana ine, kenako pansi. "Simunamve kodi? Aa, anthu a kuno! Aliyense ankati wina wakuuzani." Anapukutanso manja pa ovololo. "A Buell anagwa ndi sitiroko zaka ziwiri zapitazo, momwemo, ali pampando. Siteshoni inagulidwa ndi kampani ina yakutali. Mawuwo ndi akale, amayi, anawajambula. Makina ndi amene amangowabwereza. Kuno kumabwera munthu kamodzikamodzi kudzatchetcha, nayenso waiwala. Makalata amangowunjikana m'bokosimo."

M'galimoto muja a Buell anati, "Khalani pomwepo, musasunthe, nyimbo ikubwera."

Amayi sanagwe, sanalire. Anangoyang'ana payi ija ngati wina wawapatsira kuti amugwirire. Mphepo inkasuntha tsitsi la wigi.

"Ndiye ndakhala ndikutukwana kabati," anatero pang'onopang'ono. Kenako: "Anaikidwa kuti?"

"Ayi, ali moyo! Ali kunyumba ya okalamba, kuseri kwa chipatala. Kungoti salankhula. Mbali imodzi inafa."

Tinabwerera m'galimoto. Ndinazimitsa wailesi msanga. Ndinaika manja pachiwongolero, osadziwa kolowera. Ndinkaona sutikesi ija m'maso mwanga. Kunena zoona, malo a okalamba ndimawaopa. Ndimaganiza za chifuwa, za tizilombo pazitseko, mwana wanga akupuma mpweya umenewo. Koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Munati mukawapatsa ndi manja anu."

"Munthu wosalankhula, wopanda wailesi?"

"Simunati akalankhule. Munati akabwereze."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi mantha walimba mtima lero. Khota kumanzere pa tchalitchi."

Kunyumba ya okalamba kunkanunkha sopo ndi kabichi wowiritsa. Ndinamuphimba Opal ndi shawelo mpaka kumutu, chitseko n'kukankha ndi chigongono. Namwino wina wamtali dzina lake Lavonne anatitengera kuchipinda chochezera. Munali nkhalamba zingapo pamipando, ena akugona pakamwa pali yasa, TV ikulankhula yokha. Pawindo panali bambo wowonda panjinga ya olumala, bulangete pamiyendo, mlomo utapendekera mbali imodzi. Sindikanawadziwa. Mawu aja ndinkayesa ndi a chimunthu chachikulu.

Amayi anaima patsogolo pawo, manja ali ndi payi.

"Taonani zimene zatsala," anatero. "Buell Haskins, unali wonyansa kale, koma pano wawonjeza."

Maso a a Buell anakwera pang'onopang'ono kuchokera pansapato zoyera, pamikanda, mpaka pawigi. Mbali yamoyo ya nkhope inagwedera. Kukhosi kunatuluka kaphokoso, ndipo ndinazindikira kachifuwa kaja. Ankaseka.

"Usaseke wigi yanga, ndagula yodula. Ndabwera ndi miyendo, waona? Ena timatero." Anaika payi patebulo. "Ndakuphikira ya mapichesi. Kaya amakulola kudya, kaya ayi, zako zimenezo. Ndipo ndabwera ndi ichi."

Anaika chimbale pabulangete. A Buell anachitembenuza ndi dzanja lamanzere, lokhalo logwira ntchito, n'kuchiyandikiza kumaso. Kenako anamenya pampando ndi chikhatho, akuloza pashelefu. Pamenepo panali kawailesi koimbira zimbale, kamene Lavonne anati amaikira nyimbo zolimbitsa thupi. Anakabweretsa n'kukaika patebulo pafupi nawo.

"Ndikuikireni, a Haskins?"

Anamuchotsa dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

"Musiyeni," anatero amayi. "Palibe amene anagwirapo makina ake ameneyu, ngakhale mkazi wake."

Zinatenga nthawi. Anapanikiza kabokosi ka chimbale pachifuwa n'kukatsegula ndi chala chachikulu. Chimbale chinagwera pabulangete, anachitola m'mbali, osagwira pansi pake ngakhale dzanja linkanjenjemera. Atachilowetsa, anayang'ana amayi. Amayi anati, "Yachitatu." Lavonne anatsitsa mawu a TV.

"Aa, ndikuonera ine!" anakalipa gogo wina wa chipewa cha asilikali.

A Buell anakweza chala chimodzi m'mwamba, osatembenuka. Gogoyo anatseka pakamwa. Amayi anakoka mpando n'kukhala pambali pawo, mawondo pamodzi, chikwama pamiyendo, ngati mtsikana wodikira mayeso.

Gitala yogoneka inayamba kulira, kenako mawu otsika aja. Nyimboyo ilibe zambiri. Imangonena za jekete imene mayi amaisuntha akamasesa n'kuibwezera pamsomali pomwepo, ndi kuti m'thumba mwake mukadali machesi. M'chipindamo mayi wina anadzuka n'kuyamba kugwedeza phazi. Wina anapitiriza kugona. Opal anatulutsa mutu m'shawelo, ndipo sindinamubwezeremo. Ine maso anali pa a Buell. Anatsinzina, mutu ataupendeketsa, chala chikugunda pang'onopang'ono pampando.

Nyimbo inatha. A Buell anadina batani loimitsa yotsatira isanayambe. Kunali zii, kumangomveka mawilo a kangolo ka mankhwala m'khonde. Pa TV yopanda mawu ija bambo wa suti anali ataima patsogolo pa mapu, akuloza mitambo imene inkabwera kuchokera kumadzulo. A Buell anatsegula maso, ndipo maso awo anagwera pamenepo. Anakonza kukhosi.

Amayi anaona. Anatseka chikwama chawo kuti tswa.

"Chabwino. Werenga zanyengo zako, ndamva." Anaimirira. "Tiye, Marlee."

Koma ndinali ndisanachotse maso padzanja lija, ndipo dzanjalo linali paulendo. Linachoka pampando, linafika pakawailesi, linaphonya. Linadina batani lolakwika, kachitseko n'kutseguka, chimbale n'kuonekera.

"Akukubwezerani, mayi," anatero gogo wa chipewa. "Ndiye tikweze TV?"

"Dikirani, amayi," ndinatero. Ndinawagwira mkono wa jekete, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. "Taonani."

A Buell anakankha kachitseko kaja ndi nkhonya mpaka kanatsekeka. Thukuta linali pamphumi. Chala chinayenda pamabatani chikunjenjemera, chinadina, kenako chinadinanso, n'kudinanso, kuwerenga mpaka pa yachitatu. Lavonne anasuntha kuti athandize, ine ndinapukusa mutu. Kenako gitala yogoneka ija inayambanso kulira, kuchokera pachiyambi.

A Buell sanawayang'ane amayi. Anatsinzinanso, n'kupendeketsa mutu.

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono. Pakati pa nyimbo anayamba kuimba nawo chapansipansi, dzanja lawo lili pa dzanja lakufa lija.

"Yomweyonso?" anadandaula gogo wa chipewa.

"Yomweyo, bambo," anatero amayi osatembenuka. "Muzolowere."

Pobwerera tinadutsanso nsanja ija. Nyali yofiira inkaphethirabe pamwamba pa kanyumba kopanda munthu.

"Waibwereza," anatero.

"Ndaona, amayi."

"Anthu ake asanu ndi mphaka, koma waibwereza." Anavula wigi n'kuiika pamiyendo pamene panali payi. Tsitsi lawo lenileni ndi loyera, lochepa ngati la Opal. "Ukafika undiimbire Nadine. Ndimuuze kuti chipinda chakecho aikemo makina osokera."

Sutikesi inabwerera pamwamba pa kabati. Makatoni akadali m'chipinda chodyera, ndipo Tanner anasiya kuimba. Lachinayi lililonse ndimawaperekeza kuseri kwa mapiri ndi payi, nthawi zina ndi gitala. Chimbale chija amachigawa kwa anamwino ndi kwa aliyense wobwera kudzaona abale ake, afune asafune. Makatoniwo sakuoneka kuti akuchepa.

Koma wailesi ya pamwamba pa firiji sanaiyatsenso. M'mawa amaswa mazira ali chete, ndipo m'khichini mumangomveka mafuta pamoto ndi supuni ya Opal ikumenya patebulo. Sindinkadziwa kuti nyumbayi ndi yaikulu chonchi.

Chisanu choyamba chitagwa, Royce adakali kumtsinje, amayi anachedwa kudzuka. Ndinali ndekha m'khichini, kunja kuli mbuu, msewu wosaoneka. Ndinakwera pampando n'kuiyatsa motsitsa kwambiri.

"Mwadzuka bwanji a m'zigwa ndi a m'mapiri? Ndi Buell wanu yemwe uja, khofi ali pamoto."

Ndinayang'ana kukhomo la chipinda cha amayi. Linali lotseka.

"Tadzuka, bambo," ndinatero.